Musanapereke pulogalamu ya C, ionetsetseni kaye

Inu amene mukuchita kosi yapamwamba ya programming ku koleji, pulogalamu ikangoyenda musathamangire kukaipereka. Mu C, chilankhulo cholembera mapulogalamu, malo aliwonse a mu memory (mmene kompyuta imasunga zinthu pulogalamu ikamayenda) amene mwapempha ndi lamulo la malloc ayenera kubwezedwa ndi lamulo la free, kamodzi kokha. Mukaiwala, memory imatha pang'onopang'ono. Mukabweza kawiri, pulogalamu ikhoza kuima mwadzidzidzi. Gwiritsani ntchito gcc -Wall -g (gcc imasandutsa zimene mwalemba kukhala pulogalamu yoyenda), kenako iyendetseni ndi valgrind --leak-check=full (valgrind imafufuza mavuto a memory), idzakulozerani mzere umene unapempha malo osabwezedwawo.

China chofala n'kuiwala kuti array (mndandanda) ya zinthu 10 imayambira pa nambala 0 n'kuthera pa 9. Vuto limeneli n'lozunza, chifukwa pulogalamu imatha kuyenda bwinobwino pa kompyuta yanu koma n'kukakana pa ya aphunzitsi. Gawo lililonse la pulogalamu likangotheka, chitani commit mu Git, kutanthauza kusunga zimene mwasintha m'chida chosunga mbiri ya pulogalamu.