Sungani masamba anayi musanayambe kutulutsa makatuni anu

Kwa anzanga amene mumajambula nkhani za makatuni n'kumaziika pa Facebook sabata iliyonse, nayi njira imene yandithandiza kuno ku Salima kuti ndisamaphonyenso tsiku. Musanatulutse tsamba loyamba, jambulani masamba anayi n'kuwasunga, kuti tsamba limene mukujambula lero likhale la mwezi wamawa, osati la mawa. Ndinaphunzira izi m'dzinja, pamene magetsi anazima masiku awiri, foni n'kutha moto ndisanamalize kupaka utoto tsamba la nkhani yanga ya msodzi wa ku Senga Bay, ndipo owerenga anadikira Lachisanu lonse osaona kanthu.

Masamba osungawo muwalowetse mu Meta Business Suite, chida cha Facebook choyendetsera peji, tsiku limene netiweki ili bwino, musankhe tsiku ndi ola, ndipo adzatuluka okha ngakhale foni yanu itazima. Chida chimenechi n'chaulere kwa amene ali ndi peji ya Facebook. Ine ndinasankha Lachisanu 7 koloko madzulo, anthu ataweruka kuntchito, ndipo sindisintha, chifukwa owerenga akazolowera nthawi amabwera okha osaitanidwa.

Popeza usiku umenewo simukhala pa mpanipani wojambula, khalani pansi muyankhe ndemanga iliyonse, makamaka yokudzudzulani. Bambo wina wopha usipa anandilembera kuti ndinajambula nyali pamalo olakwika pa bwato, ndipo nditakonza n'kumuthokoza poyera, anayamba kutumiza tsamba lililonse ku gulu la WhatsApp la asodzi anzake.