Family Sharing pa iPhone: Kugula Kamodzi, Banja Lonse n'Kugwiritsa Nchito

Gulu la Family Sharing limatenga anthu 6: mkulu wa gulu, wochedwa Organizer, ndi ena 5. Aliyense akhale ndi Apple Account yakeyake, imene mpaka 2024 inali kuchedwa Apple ID. Lekani kugwiritsa nchito akaunti imodzi nyumba yonse. Mukatero, zithunzi ndi mameseji zimasakanizika, ndipo meseji ya a dokotala yopita kwa amai ikhoza kutulukira pa iPad ya mwana.

Mkulu wa gulu atsegule Settings, adinize dzina lake pamwamba, asankhe Family, kenako aitane ena kudzera pa Messages, imelo kapena AirDrop. Woitanidwa akavomera pa foni yake, walowa.

Pa nkhani ya ndalama m'pamene muyenera kuwerenga mofatsa. Mukatsegula Purchase Sharing, kumene ndi kugawana zogula, khadi ya ku banki ya mkulu wa gulu ikhoza kumalipira zogula za m'gulumo. Ngati wogulayo ali ndi ndalama zotsala mu Apple Account yake, zimayamba kudyedwa izo, ndipo zoperewera zimacoka pa khadi ija. Conco musanaitane mlamu kapena muphwa wokhala kutali, yambani mwakambirana. Munthu wamkulu akagula, foni siikufunsani inu. Mumangoona meseji ya ku banki kuti ndalama zatuluka.

Ana ndiwo ali ndi comangira. Mwana wosakwana zaka 13 sangadzitsegulire akaunti. Kholo lidinize Create Child Account ndi kulemba tsiku lenileni la kubadwa, osati kumuonjezera zaka kuti zinthu zifulumire. Pa akaunti yotere Ask to Buy imakhala yoyaka kale: mwana akafuna sewero, ngakhale laulere, pempho limafika pa foni ya kholo kuti livomere kapena kukana. Likapanda kuyankhidwa pa maola 24, limafafanizika. Mungaiyatsirenso mwana aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ndi bwino kutero.

Kuti mutenge app imene wina anagula kale, tsegulani App Store, dinizani cithunzi canu, pitani pa zogulidwa, sankhani dzina la wogulayo, n'kudiniza kamtambo. Simulipiranso. Koma makoini ndi madayamondi ogulidwa mkati mwa masewera sagawanika, ndiponso ma app ena eni ake salola kugawana. Cimene simufuna kuti ena aone mungacibise pa mndandanda wa zogula zanu.

Kuti mugawane zogula, maakaunti onse akhale a dziko limodzi. Ambiri amakodwa apa. M'bale wa ku Johannesburg kapena ku London amatumiza iPhone, n'kutsegulira wolandira akaunti ya kumeneko, pamene ya atate ili pa Zambia. Onani pa Media & Purchases, pa Country/Region, musanayambe.

Wocoka m'gulu amataya zonse zimene anali kugwiritsa nchito za anzake, pamodzi ndi malo ogawana a iCloud+ osungiramo zinthu pa intaneti, conco ayambe wakopera zithunzi zake kapena kugula malo ake. Zimene anagula yekha zimapita naye, ngakhale kuti inalipira ndi khadi ya mkulu wa gulu. Kusamukira ku gulu lina kumaloledwa kamodzi cabe pa caka.