Ngalande imayambira kumunsi

Alimi anzanga a m'chigwa cha Shire, makamaka inu a ku Nsanje ndi Chikwawa: tikamakamba za madzi osefukira, maganizo amathamangira ku Shire ndi Ruo, monga zinachitikira mu Januwale 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Koma chaka ndi chaka, nyumba zambiri zimagwa ndi madzi a mvula ongosowa kolowera. Malo athu ndi athyathyathya, dothi lake ndi makande. Likakhuta, madzi amangoti ndee masiku ambiri, zidina zosaotcha nkufewa kunsi mpaka khoma kugwa. Kumunda chimanga chimasanduka chachikasu chifukwa mizu yasowa mpweya.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kakumbidwe kathu. Munthu amayamba ngalande pakhomo pake, osadziwa kumene ikathere. Zikatero wangosamutsira madziwo kwa mnzake, kapena wakumba dziwe loswera udzudzu. Yambani kumunsi, pamene madzi akatulukire, kaya ndi pakhwawa kapena padambo, ndipo muzikumba mukukwera cha kumudzi. Pamalo athyathyathya maso amanamiza, choncho bwerekani kwa alangizi levulo ya chingwe, chipangizo choyezera kutsetsereka kwa malo. Mvula ikagwa yambiri, yendani ndi zikhomo, mukhome pamene madzi adikha ndi pamene akuyenda. Chaka chamawa zikhomozo zidzakutsogolerani.

Ngalande ikhale yotakata, yosazama kwambiri, m'mbali mwake motsetsereka. Makande akadulidwa choongoka amagumukira mkati. Dothi lokumbalo musaliunjike pamlomo penipeni, ndipo m'mbali dzalani udzu wa vetiva kuti mizu igwire nthaka.

Ntchito imeneyi si ya banja limodzi. Khalani pansi ndi a mfumu ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mugwirizane njira imodzi ya madzi, ngakhale itadutsa m'mphepete mwa munda wa wina. Mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe, kokolani mchenga m'ngalande zakale, muchotse majumbo ndi mapesi amene atseka makalavati a pamsewu. Kalavati imodzi ikatsekeka, msewu umatchinga madzi, mudzi wonse nkumira.

Musaiwale chimbudzi. Chikhale pamalo okwera, kutali ndi mjigo, pakamwa pa dzenje pakhale pokwezedwa bwino. Madzi akadzaza dzenjelo amamwaza zonyansa pabwalo pamene ana amasewera, ndipo kolera amayambira pomwepo.