Mtima ukakuuzani kuti pempherani, musamati "kaye"

Makani athu pa nkhani ya pemphero sabwera poyera ayi, palibe amene amauza Mulungu kuti sindikufuna, timangoti "ndimalize kaye izi" basi nkhani yafera pomwepo. Ndiye choyamba, abale, siyani kuzengereza. Mwadzidzimuka 2 koloko usiku, tulo tabalalika, dzina la munthu wina likungobwerabwera mmutu, musagwire foni chifukwa mukangotsegula WhatsApp mwapita, muzazindikira atambala akulira. Tulukani mu neti ya udzudzu, gwadani kapena khalani pampando, zopemphera muli mu bulangete zija mumayamba bwinobwino koma Amen wake simumufika. Ngakhale Petro zinamuchitikira ku Getsemane mpaka Yesu kumufunsa ngati walephera kukhala maso ola limodzi lokha, onani Mateyu 26:40.

Masananso osadikira malo abwino. Pa Nehemiya 2:4 mfumu yafunsa funso, Nehemiya asanayankhe anapemphera kaye ali chiimire pomwepo, sanapemphe kuti akapempherere kuphiri. Mu minibasi, pamzere kuchigayo, mukusonkhezera mbaula, mawu awiri atatu chamumtima akwana. Mawu akasowa bwerekani aja Eli anaphunzitsa Samueli, oti lankhulani Ambuye mtumiki wanu akumva, kenako khalani chete pang'ono. Aroma 8:26 amanena kale kuti sitidziwa kupempha koyenera, Mzimu ndi amene amatithandiza.

Koma pamene liuma limakula zenizeni mpamene dzina lobweralo ndi la munthu amene munayambana naye, mlamu amene anakudyerani ndalama, kaya mnzanu wa mukwaya amene anakujedani. Apa musanamizire kuti zili bwino, muuzeni Mulungu chilungamo kuti munthu uyu ndikamuganiza mtima ukuwawa, ine sindikufuna. Hananiya wa ku Damasiko pa Machitidwe 9 anachita chimodzimodzi, atatumidwa kwa Saulo anayamba wadandaula kuti munthuyu wazunza anthu anu ku Yerusalemu, koma atatha kudandaulako ananyamuka nkupita, mpaka kukamutchula kuti m'bale. Inunso dandaulani muli chogwada, kenako tchulani dzina lakelo mokweza, osati "ena aja", ndipo mumupemphere chinthu chimodzi chabwino, kaya thanzi kaya ana ake. Tsiku loyamba pakamwa pamalemera, musadabwe.

Ena amafunsa kuti ndidziwa bwanji kuti ndi Mulungu osati maganizo anga chabe? Ine ndimati ngati chikukukankhirani kupemphera, pempherani, simuluza kanthu. Koma mawu akayamba kukuuzani kuti siyani mankhwala akuchipatala kapena kuti agogo akuti ndi mfiti, imani kaye, tsegulani Baibulo, kaonaneni ndi abusa kapena akulu ampingo okhwima maganizo.

Kukacha mutumizireni munthu uja kauthenga ka "mwadzuka bwanji", basi. Osayamba ndi "ndakuonani mmasomphenya", mungomuopseza mwana wa eni ake.