Mmene ndimasovera mafunso a pulakatisi mu fainansi, fizikisi, kemisitiri ndi kukoda

Pali bodza lina lake lomwe pafupifupi tonse tinadzinamizapo, lija lowerenga funso kenako nkusuzumira yankho kumapeto kwa buku, nkugwedeza mutu kuti aaa zophweka izi ndazimva. Simunazimve ayi anzanga, mwangoonerera wina akusova inu manja ali m'thumba. Tsiku la mayeso angosintha manambala awiri basi, mutu wayima, cholembera chili m'kamwa. Nde choyamba chenicheni, bisani yankholo. Ikani pepala pamwamba pake olo tembenuzani bukulo, ndipo mulimbane nalo funsolo kwa mphindi 15 kaye musanagonje. Kuvutika kumeneko ndiye kuphunzirako, kwina konseku nkungodzisangalatsa.

Katswiri wa masamu George Pólya mu 1945 anayala njira yosovera mafunso m'masitepe anayi: limvetse funso, konza pulani, igwire pulaniyo, kenako bwerera m'mbuyo uone ngati zomwe wapezazo zili zanzeru. Ambiri timathamangira sitepe yachitatu, kakyuleta ili kale m'manja funso tisanalimalize nkomwe kuwerenga, ndipo yachinayi ija sitiyidziwa olo pang'ono. Ine zomwe zinandisintha ndi ziwiri, kulemba mayuniti pa nambala iliyonse, ndi kulota yankho ndisanayambe. Kulota ndikutanthauza kunena kuti yankho lake likhala cha m'ma 13,000 umu, kapena masekondi awiri atatu, ndiye mukapeza 130,000 mudziwa nokha kuti penapake pathawa ziro.

Tiyambe ndi fainansi poti ndi yomwe anthu amaiderera kuti ndi kuchulukitsa chabe. Funso likuti mwasungitsa 10,000 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka kwa zaka zitatu, mudzatenga zingati? Musanakhudze fomyula funsani kaye, chiwongoladzanjacho chikuberekanso kapena ayi? Ngati sichikubereka ndiye ndi 1,000 chaka chilichonse, pamodzi 13,000. Ngati chikubereka, chaka choyamba 11,000, chachiwiri 12,100, chachitatu 13,310. Ndimakonda kuyenda chaka ndi chaka chonchi ka koyamba chifukwa fomyula ija ya 10,000 kuchulukitsa ndi 1.1 katatu imangotulukira yokha, suchita kuiloweza ngati ndakatulo.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi pa nthawi. Akuti 12 peresenti pachaka koma ikuwerengedwa mwezi ndi mwezi, nde munthu atenga 12 peresenti yonseyo nkuichulukitsa ka 12, yankho lotuluka pamenepo ndi lochititsa mantha. Reti ndi nthawi ziziyankhula chilankhulo chimodzi: ngati mukuwerenga miyezi, reti ikhale ya pamwezi, 1 peresenti, ndipo 1.01 kuchulukitsa yokhayokha ka 12 ikupatsani 1.1268, kutanthauza kuti pachaka ndalamayo yakula ndi 12.68 peresenti osati 12. Kakusiyana kakang'ono eti, koma ndi pomwe pali malikisi onse.

China, jambulani mzere wa nthawi. Kamzere basi, 0 kumanzere, 1, 2, 3 kupita kumanja, ndalama yotuluka muike minasi, yolowa pulasi. Mwachitsanzo mwaika 1,000 lero mu bizinesi ndipo mulandira 600 chaka chamawa ndi 600 chaka chinacho, reti ndi 10 peresenti. Wina angophatikiza nkunena kuti phindu 200. Ayi, 600 ya chaka chamawa si 600 ya lero, muyenera kuibweza kumbuyo: 600 kugawa ndi 1.1 ndi 545.45, inayo 600 kugawa ndi 1.21 ndi 495.87, pamodzi 1,041.32, kuchotsa 1,000 yanu ija phindu lenileni pa mtengo wa lero, lomwe amati NPV, latsala 41.32 yokha. Ndipo poyesa mwachangu pali lamulo la 72: gawani 72 ndi reti, mupeza zaka zomwe ndalama itenge kuti iwirikize kawiri. Pa 8 peresenti ndi zaka pafupifupi 9. Si yeniyeni ndendende koma imagwira wakuba, mukapeza kuti ndalama yawirikiza m'zaka zitatu pa 8 peresenti bwererani mukaonenso.

Fizikisi ndiye jambulani, olo mukhale osadziwa kujambula ngati ine, galimoto yanga imaoneka ngati njerwa ya matayala koma imagwira ntchito. Ikani mivi yosonyeza mphamvu zonse, sankhani mbali yomwe ikhale pulasi, ndipo musasinthenso pakati panjira. Kenako sinthani zonse zikhale mamita, makilogalamu ndi masekondi musanachite china chilichonse. Funso likuti galimoto ikuthamanga makilomita 72 pa ola, yamanga mabuleki nkuima m'masekondi 4, yayenda mtunda wanji? 72 ija osailowetsa choncho mu fomyula, igaweni ndi 3.6 ikhale mamita 20 pa sekondi. Liwiro likutsika ndi 5 sekondi iliyonse, ndipo mtunda wake ndi mamita 40, mutha kuupeza olo popanda fomyula yayitali: liwiro lapakatikati ndi 10, kuchulukitsa ndi masekondi 4, basi 40.

Apa ndi pomwe ndimati osatseka buku mukapeza yankho, lisewereni funsolo. Nanga galimoto yomweyo ikanakhala pa liwiro lowirikiza kawiri, mamita 40 pa sekondi, mabuleki omwewo? Mutu umafulumira kunena kuti mamita 80. Werengani muone, itenga masekondi 8 kuti iime, liwiro lapakatikati 20, mtunda mamita 160, kuwirikiza kanayi. Funso limodzi lakuphunzitsani chinthu chomwe mafunso khumi ongokopera sakanakuphunzitsani.

Za mayuniti musazione ngati nkhanza za aphunzitsi. Mu 1999 NASA inataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chitafika kale ku Mars, chifukwa pulogalamu ina inkatulutsa manambala m'mayuniti a mapaundi pomwe ina inkawalandira ngati ma newton. Anthu ophunzira zedi amenewo, nde inu ndi ine ndife ndani kuti tizidumpha kulemba m/s? Komanso yang'anani kakyuleta yanu ngati ili pa madigiri. Dinani sin 30, ikakupatsani 0.5 muli bwino, ikakupatsani -0.988 ndiye ili pa radian ndipo peji yonse yomwe mwasova ija ndi yolakwa. Zinandichitikirapo, sindifuna nkukumbukira komwe.

Kuyesa yankho mu fizikisi nkosavuta chifukwa dziko timalidziwa kale ndi maso. Mwala wagwa kuchokera pa mamita 20, g, kutanthauza mmene liwiro la chinthu chakugwa limakwerera sekondi iliyonse, ndi 9.8, nthawi ikutuluka masekondi 2.02, zomveka. Mukapeza masekondi 40 dzifunseni ngati munaonapo mwala ukutsika ngati nthenga.

Kemisitiri ili ndi msewu umodzi womwe mafunso ambiri owerengera amadutsamo: magalamu kupita ku ma mole, ma mole a chinthu ichi kupita ku ma mole a chinacho, kenako kubwerera ku magalamu. Mole ndi kuwerenga chabe ngati mmene timanenera dazeni, kungoti dazeni yake ndi 6.022 × 10^23. Chomwe ikwezhoni imakuuzani ndi ma mole osati magalamu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaterereka. Nde balansani kaye ikwezhoni, osayamba kuwerengera pa ikwezhoni yosabalansa olo muchedwe bwanji.

Tiyese: mwawotcha magalamu 8 a methane, mutulutsa carbon dioxide wochuluka bwanji? Ikwezhoni yake ndi CH4 + 2O2 → CO2 + 2H2O. Mole imodzi ya methane imalemera magalamu 16, nde 8 ndi theka la mole. Methane ndi CO2 zili wani ku wani, choncho CO2 nayenso theka la mole, kuchulukitsa ndi 44, magalamu 22. Tsono onani kukoma kwake poyesa: okisijeni walowa mole imodzi yathunthu, magalamu 32, madzi atuluka mole imodzi, magalamu 18. Zolowa 8 ndi 32 ndi 40, zotuluka 22 ndi 18 ndi 40. Katswiri wa kemisitiri Lavoisier anazitsimikiza kalekale m'ma 1700 kuti kulemera sikusowa kapena kubadwa, nde mbali ziwirizo zikasiyana mwalakwitsa ndinu.

Akakupatsani kulemera kwa zinthu zonse ziwiri zolowa, dziwani kuti akukutcherani msampha, chimodzi chitha msanga. Magalamu 4 a hydrogen ndi 16 a okisijeni, wina ati madzi magalamu 20. Ayi. Hydrogen ndi ma mole 2, okisijeni ndi theka la mole, ndipo theka limenelo likungofuna mole imodzi ya hydrogen, nde madzi atuluka magalamu 18, hydrogen wa magalamu 2 watsala osagwira ntchito. Chomwe chikuoneka chochepa pa sikelo si chimene chimatha msanga nthawi zonse, pano 4 ndiye watsala, 16 watha. Ndipo pa mafunso a gasi kutentha kuzikhala mu Kelvin, onjezerani 273. Kuchoka pa 27°C kufika pa 54°C sikuwirikiza kawiri, ndi 300 kupita 327, kukwera kwa 9 peresenti chabe.

Kukoda ndiye kumasiyanako pang'ono chifukwa kompyuta imakuyankhani pompopompo, ndipo kukoma kwakeko ndi komwe kumaononga anthu: kusintha kamzere, kurana, kusintha kena, kurana, maola awiri osadziwa chomwe ukusaka. Chokani pa kiyibodi kaye. Sovani funsolo pamanja ndi chitsanzo chaching'ono. Funso loyamba pa Project Euler, webusayiti ya mafunso a masamu osovera ndi khodi, limati phatikizani manambala onse osafika 1000 omwe amagawika ndi 3 kapena 5. Yambani ndi osafika 10: 3, 5, 6, 9, pamodzi 23. Tsopano muli ndi choyesera, khodi yanu ikapanda kutulutsa 23 pa 10 palibe chifukwa choikhulupirira pa 1000. Kenako yesani osafika 20, muone ngati 15 simunamuwerenge kawiri poti amagawika ndi onse awiri, kabowo kameneka kagwetsa anthu ambiri.

Mu Python, chilankhulo chimodzi cholembera khodi, kumbukirani kuti kuwerenga kumayambira pa 0, ndipo range(1, 10) imathera pa 9, 10 salowamo. Zolakwa zambiri za ma lupu, khodi yobwereza chinthu kangapo ija, ndi zimenezi, kuperewera kamodzi kapena kupitirira kamodzi. Mukalemba khodi ikuyenda, yesani kuithyola nokha: listi yopanda kanthu, listi ya chinthu chimodzi, manambala a minasi. Mwachitsanzo pofuna nambala yaikulu mu listi ambiri amayamba ndi 0 ngati yaikulu, zimayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe listi yonse ndi ya minasi, -5, -2, -9, pulogalamu nkukuuzani kuti yaikulu ndi 0 yemwe mulibemo nkomwe. Yambani ndi chinthu choyamba cha mu listimo.

Ikabwera error iwerengeni, osangoiona kufiira nkuthawa. Mu Python mzere womaliza ndi womwe ukunena chavuta, ndipo pamwamba pake akulozerani nambala ya mzere. Ikapanda error koma yankho lili lolakwa, ikani print mkati mwa lupu muone manambala akusintha bwanji sitepe ndi sitepe, kapena mufotokozereni munthu khodiyo mzere ndi mzere mokweza, olo khoma limene, nthawi zambiri mudzachigwira nokha cholakwikacho musanafike pakati. Ndipo musadabwe 0.1 + 0.2 ikakupatsani 0.30000000000000004, kompyuta sinapenge, imasunga manambala mu binary, ma 0 ndi ma 1 okhaokha, ndipo 0.1 sakwana ndendende mmenemo. Nchifukwa chake pa mafunso a ndalama ndi bwino kugwiritsa ntchito chida cha Python chotchedwa decimal, ndipo manambala a madontho osawafananiza ndi == ayi.

Kamasewero kena komwe ndimakakonda nkosakaniza maphunzirowa. Funso lija la 10,000 lilembeni mu Python, lupu ya katatu yochulukitsa ndi 1.1, ikatulutsa 13,310 mwaphunzira ziwiri nthawi imodzi. La galimoto lija chimodzimodzi, muzingosintha liwiro nkumaona mtunda ukukwera.

Nanga mphindi 15 zija zatha ndipo mwakanikadi? Tsegulani yankho koma mzere umodzi wokha, bisaninso, pitirizani nokha. Mukamaliza lembani mu kope lapadera chomwe chinakugwetsani, osati kukopera yankho lonse ayi, chiganizo chimodzi basi: ndinaiwala kusintha reti kukhala ya pamwezi, sindinabalanse, lupu inaperewera kamodzi. Pakatha masabata awiri mukaliwerenga kopelo mupeza kuti zolakwa zanu si zambiri, ndi zitatu zinayi zomwezomwezo zikungosintha malaya. Zanga zinali mayuniti ndi minasi, mobwerezabwereza mpaka manyazi.

Funso lomwe linakukanikanilo libwerereni pakatha masiku atatu, pa pepala loyera, kope lotseka. Ndipo pochita pulakatisi osamasova mafunso 20 a mtundu umodzi motsatizana, pofika lachisanu mumakhala mukungobwereza ngati makina. Sakanizani, limodzi la NPV, lina la ma mole, lina la mabuleki, chifukwa pa mayeso palibe amene adzakulembereni pamwamba kuti ili ndi la chaputala 6, muyenera kulizindikira nokha, ndipo ine funso ndimalichonga kuti latha pokhapokha ndalisova kawiri masiku osiyana osasuzumira.