Momwe ndinakonzetsera njinga yanga yamoto pa waranti

Njinga yanga ya kabaza, yomwe ndinagula pa shopu ina ku Limbe, inayamba kudontha oilo pa injini idakali yatsopano. Mnyamata wa pa kauntala anangoti, "Bambo, mwina mumainyamulitsa katundu wolemera." Zinandiwawa, poti njingayi ndiyo imadyetsa ana anga.

Sindinalole makaniko wa m'mbali mwa msewu kuti aimasule, chifukwa waranti, lonjezo la ogulitsa loti adzaikonza ulere ikavuta, ikanathera pomwepo. Ndinajambula pomwe oiloyo amatulukira, ndinatenga lisiti ndi kabuku ka sevisi kodinda, n'kulembera manijala kalata yokhala ndi nambala ya injini. Ndinanenamo kuti akakana ndikadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ufulu wa ogula. Anasayina pa kope langa. Sabata yomweyo anasintha gasiketi, kachipangizo kotchinga kuti oilo asadonthe, osandilipiritsa, ndipo ndinabwerera pa siteji ku Ndirande.