Momwe mungafupikitsire ndi kukonza manambala a ndalama pa shiti yonse ya Excel

Lembani 1250.40 m'maselo atatu a Excel, mubise matambala, kenako muphatikize. Selo iliyonse ionetsa 1,250 koma pansi patuluka 3,751. Munthu amene mwamupatsa pepala akawonkhetsa pa kakyuleta apeza 3,750, ndipo afunsa komwe kwachokera kwacha inayo. Excel sinalakwe. Inu munangosintha maonekedwe, koma matambala 40 aja akadali m'selo iliyonse ndipo akuwerengedwa. Choncho pali ntchito ziwiri zosiyana: kukonza momwe nambala ikuonekera, ndi kuidula zenizeni, kutanthauza kuifikitsa pa nambala yapafupi. Yoyamba mungaichite pa makolamu onse a ndalama nthawi imodzi. Yachiwiri imafuna kusankha malo.

Musanayambe, sungani kope lina la fayiloyo ndi dzina lina.

Yambani ndi manambala abodza

Ndalama zokopedwa kuchokera ku sitetimenti ya banki kapena ku uthenga wa pafoni nthawi zambiri zimalowa ngati mawu. Mudzazizindikira chifukwa zimakhala kumanzere kwa selo, zina zili ndi kachizindikiro kobiriwira pakona, ndipo SUM, fomula yowonkhetsera, imangozidumpha osadandaula. Ngati wina analemba K kapena MK pamanja kutsogolo kwa nambala, sankhani kolamuyo, dinani Ctrl+H, lembani chilembocho m'bokosi la pamwamba, la pansi mulisiye lopanda kanthu, mudine Replace All. Zikakanabe, pitani pa Data, Text to Columns, mudine Finish osasintha china chilichonse.

Konzani maonekedwe

Musathamangire Ctrl+A. Kwa Excel deti ndi nambala basi, ndiye mukaveka shiti yonse maonekedwe a ndalama, 1 Januwale 2025 asanduka K45,658.00. Sankhani makolamu a ndalama okha: dinani chilembo cha kolamu yoyamba, gwirani Ctrl, mudine zilembo za enawo. Ngati mashiti anu a miyezi 12 ali ndi makolamu ofanana, dinani batani la kumanja la mausi pa dzina la shiti pansi paja, musankhe Select All Sheets, ndipo chomwe mwasintha pa imodzi chipita pa onse. Mukatha sankhani Ungroup Sheets nthawi yomweyo. Ambiri amaiwala, n'kulemba ndalama ya Malichi m'miyezi yonse.

Tsopano dinani Ctrl+1, musankhe Custom, ndipo m'bokosi la Type mulembe:

"K"#,##0.00_);("K"#,##0.00);"-"_)

Chizindikiro cha ; chagawa mzerewu patatu. Chigawo choyamba ndi cha ndalama wamba, chachiwiri chimaika ndalama zoperewera m'mabulaketi monga amachitira akauntanti, chachitatu chimaika kamzere pamene pali ziro. Mukafuna makwacha okha chotsani .00 m'zigawo ziwirizo. Pa lipoti lopita ku bodi, #,##0, imaonetsa 1,847,620 ngati 1,848, ndipo #,##0.0,, imaonetsa 1.8 (zizindikiro za , zakumapetozo zilembedwenso). Mukatero lembani pamutu pa kolamu kuti ndi masauzande kapena mamiliyoni, apo ayi owerenga asokonezeka. Selo ikadzaza ndi ##### musade nkhawa, kolamu yangochepa. Dinani kawiri pamalire ake pamwamba.

Manambala a foni ndi a akaunti asakhudzidwe. Kolamu yawo ikhale Text musanalembemo, chifukwa Excel imadya ziro woyambirira, ndipo nambala ikapitirira madijiti 15 otsalawo imawasandutsa maziro.

Dulani zenizeni pomwe ndalama ikutuluka

Apa ndi pofunika kufatsa. ROUND, fomula yodulira nambala, iikidwe pa ndalama yomwe munthu alipire kapena alandire: mzere wa invoisi, msonkho wa mzerewo, malipiro a munthu mmodzi, gawo la membala wa banki m'khonde. Mitengo yosinthira ndalama zakunja, maperesenti ndi masamu a pakatikati zisiyeni zathunthu. Mukadula pa sitepe iliyonse, timatambala totayikato timaunjikana ndipo yankho lomaliza limapatuka.

Ngati mu D2 muli =B2*C2, sinthani kuti mukhale =ROUND(B2*C2,2). Nambala yomalizayo ndiyo ikulamula: 2 imasiya matambala, 0 imasiya makwacha athunthu, -3 imafikitsa pa sauzande yapafupi, moti 1,847,620 imakhala 1,848,000. Theka lenileni limapita kutali ndi ziro, 2.5 kukhala 3, ndipo -2.5 kukhala -3. Mukakonza selo yoyamba, sankhani kuyambira pamenepo mpaka mzere womaliza mudine Ctrl+D. Onetsetsani kuti simunaphatikizemo mzere wa chiwonkhetso. Chiwonkhetso chikhale SUM wamba ya mizere yodulidwa kale, kuti papepala ndi pa kakyuleta pagwirizane.

Ngati manambala analembedwa pamanja, osati ndi fomula, tsegulani kolamu yothandizira pambali, mulembe =ROUND(B2,0), mutsitse, mukope, kenako pa kolamu yoyamba ija muchite Paste Special, Values. Yothandizirayo ifafanizeni.

Polipira ndi ndalama yapamanja, kwacha imodziimodzi simuipeza m'thumba la munthu masiku ano. Gwiritsani =MROUND(B2,50) kuti 12,374 ikhale 12,350. =CEILING(B2,50) imakweza nthawi zonse, ndiye ipereka 12,400, pomwe FLOOR imatsitsa. Gulu ligwirizane kaye kuti litsata iti, chifukwa kusiyanako ndi ndalama ya munthu. MROUND imatulutsa uthenga wa cholakwika wa #NUM! ngati nambala ili ya mayinasi koma 50 ali wa pulasi.

Kwacha yotsala pogawana

Gawani K100,000 kwa anthu atatu ndi ROUND yosiya makwacha athunthu, aliyense apeza 33,333, zonse pamodzi 99,999. Palibe fomula yodula yomwe ingachotse vutoli. Njira yake ndi yoti mzere womaliza usadulidwe koma utenge chotsala: ngati ndalama yonse ili mu B1 ndipo magawo ali mu C2 mpaka C4, mu C4 lembani =B1-SUM(C2:C3). Womalizayo alandira 33,334. Ikaninso selo yowunikira yochotsera chiwonkhetso pa ndalama yoyambirira. Iyenera kuonetsa ziro nthawi zonse.

Njira yachidule yomwe sitikulimbikitsani

Pa File, Options, Advanced pali kabokosi kolembedwa Set precision as displayed. Mukakachonga, Excel imadula nambala iliyonse kuti ifanane ndi momwe ikuonekera, ndipo imatero pa fayilo yonse, osati pa shiti imodzi. Chomwe chadulidwa sichibwerera ngakhale mutachotsa chongacho. Chiwongoladzanja cha 2.5% chomwe chinkaoneka ngati 3% chimasanduka 3% weniweni, ndipo ngongole za anthu zimakwera popanda wozindikira. Ngati mukuifunabe, iyeseni pa kope lija.

Fomula ikakanidwa pomwe mwailemba bwinobwino, onani dziko lomwe kompyutayo inatcheredwa. Makompyuta otcheredwa ku South Africa amalemba matambala ndi chizindikiro cha koma (,), ndipo mu fomula amafuna ; m'malo mwa chizindikirocho, ndiye mulembe =ROUND(B2*C2;2), kapena musinthe pa Region mu Control Panel ya Windows. Pa Google Sheets mafomula onsewa amagwira chimodzimodzi, ndipo maonekedwe aja mumawalemba pa Format, Number, Custom number format.